Kuyeza anthu ambiri m'chubu chimodzi: gulu likhale la anthu angati?

Mu 1943, Robert Dorfman wa ku America anaonetsa kuti poyeza chindoko pakati pa anyamata olembedwa usilikali, sikunali kofunika kuyeza magazi a aliyense payekha. Mumatapa pang'ono pa sampulo iliyonse, n'kusakaniza m'chubu chimodzi, n'kuyeza kamodzi. Chubu chikapanda kuonetsa matenda, gulu lonse lili bwino. Chikaonetsa, mumabwerera ku masampulo aja n'kuyeza imodziimodzi.

Pamene ambiri amaphonya ndi pa kukula kwa gulu. Tiyerekeze anthu 100. Ngati wodwala ndi mmodzi yekha, magulu a anthu 10 amafuna kuyeza pafupifupi ka 20 m'malo mwa ka 100. Odwala akakhala 10, magulu omwewo amafuna ka 75, chifukwa machubu ambiri amaonetsa matenda ndipo mumayambiranso; mukachepetsa gulu kukhala la anthu 4, mumayeza ka 59. Odwala akafika 20, gulu la anthu 10 limakudyerani ka 99, ntchito yosakaniza ija yapita pachabe. Akapitirira 30 pa 100, iwalani zosakaniza.

N'chifukwa chake poyeza malungo kuno ku Lilongwe, nambala ya anthu pagulu siyenera kukhala imodzi chaka chonse. Malungo amachuluka nthawi ya dzinja, n'kutsika kukazizira mu June ndi July. Gulu lomwe limapulumutsa mankhwala a mu labotale mu July lingakuwonongereni ndalama mu February. Onani zotsatira za masabata apitawa, muwerengerenso.

Vuto lina ndi kusungunuka. Sampulo ya wodwala ikasakanikirana ndi zina 9, tizilombo timachepa ka 10 m'dontho lililonse, ndipo makina a PCR, omwe amachulukitsa zizindikiro za tizilombo mobwerezabwereza mpaka zioneke, amafuna kubwereza pafupifupi katatu kowonjezera kuti atione. Munthu amene ali ndi tizilombo tochepa akhoza kudutsa osadziwika. Tapani mlingo wofanana pa sampulo iliyonse, ndipo musamalize yonse, mudzaifuna pobwereza. Lembani nambala ya gulu pa chubu musanathire kanthu. A pabanja limodzi aikeni m'gulu limodzi: odwala akaunjikana m'chubu chimodzi, machubu ena amatuluka oyera.

Pa kafukufuku wa mtima, njira yosakanizayi siigwira ntchito poyeza BP, poti BP si yankho la inde kapena ayi, koma nyengo imakhudzanso zotsatira zake. Kukazizira mitsempha ya magazi imafinyika ndipo BP imakwerako, choncho munthu woyezedwa m'mamawa wa July ku Area 25 simungamuyerekeze chisawawa ndi woyezedwa masana a October. Akhale pansi mphindi 5, mkono uli patebulo molingana ndi mtima, juzi atavula osati kungoipinda, muyeze kawiri. Pafomu lembani mwezi, ola ndi kutentha kwa chipindacho, kuti wowerengera adzathe kusiyanitsa za nyengo ndi za matenda.