Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 6: Mwera wa Julaye 1988

M'gawo lapitalo ndinalekezera pomwe tinasamukira kufupi ndi Chia, kumwera kwa boma la Nkhotakota, ababa atalowa m'gulu la asodzi a ukonde wa chilimira. Gawo lino ndakhala ndikulizengereza. Ndi la imfa yawo, ndipo sindingaifotokoze osanenapo za nyenyezi, poti munthu uja ntchito yake yonse inali ya usiku.

Ababa anali siginala. Inu akumtunda mwina simumudziwa siginala: ndi amene amakhala yekha m'bwato ndi nyali, kukopa usipa kuti usonkhane pansi pa kuwala, kenako alovi n'kuuzinga ndi ukonde. Ntchitoyi imafuna mdima. Mwezi ukakhala wathunthu nyanja yonse imayera, usipa sulabadiranso nyali, asodzi amangokhala padoko kusoka maukonde. Ndiye pakhomo pathu chakudya chinkayendera mwezi. Amama akaona kuti ukukula ankayamba kupima ufa wa kondowole ndi kambale kakang'ono, podziwa kuti masiku akubwerawo pathandala sipakhala kanthu.

Masiku opuma amenewo ndiwo ndinkawapeza ababa. Tinkakhala pamchenga mwezi usanatuluke, iwo akutafuna chinangwa chootcha, chala chikuloza kumwamba. Kumpotosimpita, nyenyezi zinayi zija za kumwera, ankati ndiyo imawabwezera padoko nkhungu ikabisa mapiri. Akamwiniatsatana, zitatu zondondozana. Nsangwe, kagulu kothinana kaja: kakayamba kuoneka kum'mawa dzuwa litangolowa, cha mu Novembala, ndiye kuti munda wa mpunga usakhale wosalima. Ndipo Mlalang'amba, umene m'miyezi yozizira unkadutsa pamutu penipeni, woyera mbee. Sanapite patali ndi sukulu ababa, koma sindinakumanepo ndi mphunzitsi wolidziwa thambo ngati iwo.

Agogo aakazi anali ndi zawo. Ankati mwezi ndi wamitala. Mkazi wa kumadzulo amaudyetsa bwino, n'chifukwa chake umanenepa. Wa kum'mawa, nthanda ija, ndi womana, mwezi ukapita kwake umaonda mpaka kutha. Ndili ku sekondale ndinamva kuti akazi awiriwo ndi pulaneti limodzi, Venus, limene nyengo ina limaoneka madzulo, nyengo ina m'bandakucha. Nthano ya agogo sindinaitaye. Amene anaipeka anayang'ana kumwamba zaka zambiri asanatsegule pakamwa.

Mu Malichi 1986, ndili ndi zaka 11, wailesi inkalengeza za nyenyezi ya mchira, ya Halley. M'mudzi ena ankati ndi malodza. Ababa anandidzutsa atambala asanalire, anandifunditsa chitenje cha amama, tinatsikira kunyanja. Sinali yoopsa monga ankanenera anthu. Kanali kachifunga kotuwa pamwamba pa madzi, kamchira kake kooneka bwino ukakayang'ana cham'mbali. Ndinafunsa kuti, "Ababa, ikupita kuti?" Iwo anati, "Akuti imayenda zaka 76 isanabwerenso. Ine ndaonera pomwepa. Iwe mwanawe, ukadzisunga udzaionanso." Idzabwera mu 2061. Ndidzakhala ndi zaka 86, Mulungu akalola.

Zaka ziwiri zitadutsa, mu Julaye, mwezi uli mumdima, anapita kunyanja monga mwa masiku onse. Madzulo kunali bata. Mwera unadzuka pakati pa usiku. Amene anakulira kunyanja akudziwa kuti mphepo imeneyi sipempha: imachokera kumwera, imayenda mtunda wautali pamadzi popanda choitchinga, ikamafika kwathu mafunde amakhala atakula kale. Boti la alovi linafika kumtunda movutikira. Bwato la ababa linapezeka m'mawa litagadabuka, nkhafi palibe. Panthawiyo panalibe msodzi ndi mmodzi yemwe wovala jekete loyandamitsa, ndipo mpaka lero ndimaona anyamata akulowa m'madzi chimanjamanja, nkhawa n'kundigwira.

Thupi linakapezeka kumpoto, kufupi ndi pomwe Bua amathira m'nyanja. Masiku onse ofunafunawo anthu anali atasonkhana kale pakhomo. Amayi anali m'nyumba ya siwa ndi amama, kuimba nyimbo za maliro mosinthana. Abambo, monga mwa mwambo, ankagona panja mozungulira moto. Amalume anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mphwanga, kuyambira lero ugona kuno ndi ife." Anandiyalira thumba la feteleza pafupi ndi chitsa chimene chinkanyeka.

Sindinagone. Ndinali chagada, utsi ukundilowa m'maso, akuluakulu akukambirana motsitsa mawu za matabwa a bokosi ndi za amene apite kukauza abale ku Dwangwa. Pamwamba panga panali zonse zimene ababa anandiphunzitsa, chilichonse pamalo pake. Kumpotosimpita inapendekeka n'kukalowa. Mlalang'amba unatembenukira kumadzulo pang'onopang'ono. Kutatsala pang'ono kucha, Nsangwe inatuluka m'nyanja momwemo mmene munali ababa, nthanda ikuwala pansi pake mwamphamvu ngati nyali ya siginala. Ndinadzuka, mtima ukugunda, ndikuganiza kuti ndi iwo akubwera. Amalume anandikhazika pansi osanena kanthu.

Zitatero ndinakwiya nalo thambo. Ndikunena zoona, ndinakwiya. Nyenyezi zinaona bwato likugubuduzika, zinamva munthu akuitana, m'mawa mwake n'kutulukanso zoyera ngati palibe chachitika. Miyezi ingapo kukada ndinkalowa m'nyumba msanga, ndikatuluka maso anali pansi.

Chimene chinandibweza ndi phunziro lina la sayansi, patapita zaka. Aphunzitsi anati kuwala kwa dzuwa kumatenga mphindi 8 kuti kutifike, pamene kwa Nsangwe kumayenda zaka zoposa 400. Ndinakhala phee m'kalasimo ndikuwerengera. Kuwala kumene ndinaona usiku wa pasiwa uja kunanyamuka Jumbe, Mswahili wa malonda a akapolo uja, asanafike ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, Livingstone asanakhale pansi pa mtengo uja wa ku Linga, agogo a agogo anga asanabadwe. Nsangwe sinaone imfa ya ababa. Nkhaniyo siinafikeko n'komwe. Kuwala kwa nyali yawo ya usiku womaliza, kochepa komweko, kudakali panjira. Mkwiyo unandichoka tsiku limenelo, ndipo ndinalira kuposa mmene ndinalirira kumanda.

Madzulo ake ndinalemba mizere iyi kumapeto kwa kope la masamu, ndakatulo yanga yoyamba:

Ababa, mwezi wafanso, usipa wabwera,
alovi akufunsa woyatsa nyali.
Amama apima ufa ndi kambale komwe kaja.
Ine ndakula, nkhafi ndikuitha,
koma Kumpotosimpita ndikuilozera ndekha.

Kopelo linanyowa ndi mvula ya chaka china, koma mizereyo ndinali nditailoweza.

Tibwerere ku 1988. Tsiku lometa litakwana, banja linakhala pansi pa mtengo wa mango kukambirana za ife ana. Eni ukonde anabwera ndi ndalama ya chipepeso ndi nyali imodzi imene inapezeka itakodwa pachingwe cha bwato, galasi litasweka. Ena ankafuna kuti ine ndilowe m'malo mwa ababa ndikasinkhukirapo. Amama, amene sankalankhula pagulu la amuna, anakana poyera: "Nyanja yadya mmodzi, yakwana." Amalume anavomera kunditenga kuti ndikapitirize sitandade 7 ku Salima, ndipo sabata yotsatira tinakwera basi, katundu wanga yense ali m'jumbo imodzi. Za moyo wa kwa amalume, ndi mmene ndinayambira kugulitsa mandasi pasiteshoni ya sitima, ndidzakamba m'gawo 7.