Lachiwiri, 17 Febuluwale 2026: nyama ya chaka changa chobadwa

M'mawa uno ndinapita kukagula mababu kusitolo ina ku Limbe, ndipo ndinapeza pakhomo atamatapo mapepala ofiira okhala ndi chithunzi cha hatchi. Mayi a ku China amene amayendetsa sitoloyo anandiuza kuti lero ndi tsiku loyamba la chaka chatsopano kwawo, kenaka anandifunsa chaka chimene ndinabadwa. Nditatchula 1991, iwo anawerenga pa zala nandiuza kuti ndine wa chaka cha mbuzi. Kuno kwathu kumutchula munthu mbuzi ndi chipongwe, koma iwo ananena mwaulemu, nawonjezera kuti anthu a chaka chimenechi amakhala ofatsa, achifundo ndiponso okonda ntchito zaluso.

Nditaweruka kuntchito ndinakhala pansi kuti ndiimvetse nkhaniyi. Dongosololi amalitcha shengxiao, ndipo lili ndi nyama 12 zimene zimasinthana chaka ndi chaka, kuyambira khoswe mpaka nkhumba. Nthano yake imati Mfumu ya Kumwamba inaitanitsa mpikisano wowoloka mtsinje, ndipo khoswe, podziwa kuti sangalimbane ndi madzi, anakwera pamsana pa ng'ombe, nalumpha atatsala pang'ono kufika kutsidya kotero kuti anakhala woyamba. Apa ndinakumbuka nthano za agogo, chifukwa machenjera otere kwathu ndi a Kalulu. Komatu kalulu wa ku China ndi wodekha ndi wosamala, ndipo ukathyali anausiyira khoswe. Ku Vietnam kalulu mulibemo, malo ake anatenga mphaka.

Chimene chandigwira mtima kwambiri ndi cha tsiku lobadwa. Chaka chawo chimatsata mwezi, choncho chimayamba tsiku lina lililonse pakati pa 21 Januwale ndi 20 Febuluwale. Chaka cha mbuzi cha 1991 chinayamba pa 15 Febuluwale, pamene ine ndinabadwa pa 3 Febuluwale, kutanthauza kuti ndinabadwa chaka cha hatchi cha 1990 chisanathe. Masana onse ndinali nditavomereza kuti kufatsa kwa mbuzi ndi kwanga ndithu. Nditawerenga za hatchi, kuti ndi wachangu, wokonda ufulu ndiponso wosachedwa kutopa ndi kudikira, ndinadzionanso momwemo. Ndikuganiza kuti makhalidwe amenewa analembedwa motambasuka kotero kuti munthu aliyense angapezemo mbali ya moyo wake, ndipo sindikhulupirira kuti ana onse obadwa chaka chimodzi angakhale ndi mtima umodzi.

Ngakhale zili choncho, sindingaipeputse nkhaniyi, pakuti yakhudza miyoyo ya anthu enieni. Nyama iliyonse imaphatikizidwa ndi chimodzi mwa zinthu zisanu, zomwe ndi mtengo, moto, dothi, chitsulo ndi madzi, motero chaka chofanana ndendende chimabweranso pakatha zaka 60. Chaka chino ndi cha hatchi ya moto, ndipo chomaliza chotere chinali 1966. Ku Japan, kumene anatengera kalendala yomweyi, kunali chikhulupiriro chakuti mtsikana wobadwa chaka chimenechi adzakhala waukali ndipo adzabweretsera mwamuna wake tsoka. M'chaka chimenecho chiwerengero cha ana obadwa chinatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Ndakhala ndikuganizira atsikana amene anabadwabe chaka chimenecho, amene anakula ndi mbiri yoipa yomwe sanailakwire. Chaka cha chinjoka, nyama imene ku China imaimira mphamvu ndi mwayi, chimachita zosiyana, chifukwa ku Taiwan ana obadwa anachuluka mu 2000 ndi 2012.

Ndaphunziranso kuti chaka cha nyama yako chikabweranso amachitcha benmingnian, ndipo amati ndi chaka chofunika kusamala, mwakuti ambiri amavala kanthu kofiira, kaya lamba kaya masokosi. Ine sindivala chofiira pofuna kupewa tsoka, koma ndamvetsa chifukwa chimene mayi aja anafunsira chaka changa asanafunse dzina: nyama ikadziwika, zaka za munthu zimadziwikanso, ndipo amadziwa ulemu womupatsa. Mawa ndidzadutsanso pasitolo paja kukawauza kuti ndine wa hatchi, ndipo ndidzawafunsa nyama ya chaka chawo.