Tambala amene ndinalipira chifukwa cha Kepler

Poti alamu anga ayamba kale kuifalitsa pa WhatsApp, ndiloleni ndiinene ndekha: ine sindinanene kuti apongozi amauluka. Ndimakamba za mabuku.

Tinali pansi pa mtengo wa mango, tikudikira nsima. Mlamu wamng'ono, wa Fomu 4, anati nkhani zopeka za sayansi zinayamba ndi Frankenstein, buku la Mary Shelley la mu 1818. Munthu wanzeru akanangoti "eya" n'kukasamba m'manja. Koma ine mphunzitsi, mkamwini wofuna aone kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi chitsiru, ndinakonza kukhosi.

"Ayi alamu, lilipo lakale. Johannes Kepler, uja anatulukira kuti njira ya mapulaneti pozungulira dzuwa ili ngati dzira, analemba Somnium, ndiye kuti Loto. Linasindikizidwa mu 1634, mwini wake atafa kale."

Mawu anga ndi a m'kalasi ya ana 90, satha kunong'ona. Ndinafotokoza za mnyamata wa ku Iceland, Duracotus. Mayi ake ndi gogo wothyola zitsamba, amazimanga m'timatumba n'kumagulitsa kwa oyenda panyanja. Kukada amaitana mizimu, ndipo mizimuyo imamunyamula munthu mpaka kumwezi. "Maola anayi basi," ndinatero, zala zinayi zili m'mwamba, "wafika!"

Zomwe ndinaiwala ndi ziwiri. Apongozi amagulitsa tizitsamba ta m'mimba pamsika, m'timatumba. Chachiwiri, anali kuseri kwa mpanda waudzu, mamita awiri kuchokera pamsana panga, akupeta mpunga. Pa lichero.

Lichero lija linali kulira cha, cha, cha kuyambira pomwe tinakhala pansi. Linangoti zii. Abale, chete ameneyo sindinamumvepo ngakhale pamaliro. Nkhuku inaima mwendo umodzi uli m'malere. Mbuzi inasiya kubzikula n'kundiyang'ana ngati ikundimvera chisoni. Zala zanga zinayi zinali zikadali m'mwamba, ndipo sindimadziwa kozibweza. Ndinayesa kukanda nazo m'mutu, zonse zinayi.

Apa ndiye ndinati ndikonze zinthu. Mokweza, kuti zimveke kuseri: "Komatu ndi nthano chabe! Chomvetsa chisoni n'chakuti mayi ake enieni a Kepler, Katharina, anawanenadi za ufiti, anawamanga mu 1620, anakhala m'ndende miyezi 14." Ndimafuna kupitiriza kuti mwana wawo anawaimira pamlandu mpaka anamasulidwa mu 1621, komanso kuti iyeyo ankaganiza kuti nthano yake, itamveka kwa anthu isanasindikizidwe, ndiyo inasonkhezera miseche. Sindinafike. Lichero linagwa pansi, chitseko chinamenyedwa.

Mlamu wamkulu, m'malo mondithandiza: "Ndiye alamu, mwati maola anayi? Kulilongwe pa minibasi timatha asanu."

Madzulo ake kunabwera ankhoswe. Malume a madamu anandifunsa katatu kuti a Kepler ndi a mudzi wa ndani, ndipo ngati ndi a ku Germany, za timatumba anazidziwa bwanji. Ndinawaonetsa pa foni. Anati foni imanena zomwe mwini wake walembamo.

Mlandu unathera pa tambala. Koma tinene chilungamo, palibe chaka chimodzi chomwe ndinalakwitsa, ndipo wa Fomu 4 uja tsopano akumudziwa Kepler. Tambalayo anadyedwa tsiku lomwelo. Ine anandipatsa khosi.