Matope a padoko si manyowa

Lolemba mabokosi ozizira anafika ku labotale yathu kuno ku Lilongwe, odzaza mabotolo a matope ochokera padoko lina la kunyanja. Akufuna kukumba pansi pa madzi kuti sitima zizikocheza bwino, matopewo n'kukawataya kumtunda. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito zotere ziyambe zaunikidwa, lipoti lipite ku MEPA, bungwe la boma loteteza zachilengedwe, ndiye gawo langa ndi kuona ngati kutayako sikuika anthu pachiswe.

Lachiwiri ndi Lachitatu tinangokhalira kusefa ndi kuumitsa. Mchenga sutidetsa nkhawa kwenikweni. Ovuta ndi matope akuda oterera aja, onunkha ngati dzira lowola, chifukwa ndi amene amagwira zitsulo monga mtovu, zinki, kopa ndi cadmium, kuphatikizapo dizilo ndi oyilo wotayikira m'madzi.

Matopewa akakhala pansi pa nyanja, kopanda mpweya, zitsulozi zimakhala zomangika ndi salifa. Ukawavuula n'kuwayanika, mpweya umalowa, salifayo amapanga asidi, zitsulo zija n'kumasuka. Mvula ikagwa imazitenga kupita nazo pansi, kumene zitsime zimamwa. N'chifukwa chake Lachinayi sitinakhutire ndi kuyeza matope okha. Tinasakaniza gawo limodzi la matope ndi magawo 10 a madzi, makina n'kukhutchumula maola 24, kenako tinayeza madziwo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mtovu m'madzi akumwa usapitirire mamiligalamu 0.01 pa lita, ndipo ine muyezo umenewu sindinyengerera nawo, poti mtovu umaononga ubongo wa ana.

Madzulo ake woyang'anira ntchito kudokoko anandiimbira.

"Achimwene, alimi kuno akupempha matopewa athire m'madimba, akuti ndi achonde. Tiwapatse?"

"Ayi bwana, dikirani kaye. Mpiru ndi repu zimayamwa cadmium mosavuta, ndipo masamba ake amaoneka obiriwira bwinobwino."

Alimiwo ndikuwamvetsa, feteleza wakwera mtengo. Koma dimba ukalithira zitsulo sungalitsuke.

Lachisanu ndinalemba lipoti. Mchenga wa kunja kwa doko atha kukwirira maenje. Matope a pomwe sitima zimamwera mafuta apite m'dzenje loyalidwa dongo lotsendera, kutali ndi dambo ndi zitsime, ndipo akauma akwiriridwe kuti mphepo isauluze fumbi lake. Ndapemphanso kuti tiyeze madzi a m'zitsime zoyandikira lole yoyamba isanakhuthule, kuti mawa madzi akasintha tidzakhale ndi poyerekezera.