Ndinali mfumu ya Tekken ku Kapata mpaka mudala wina anandikwapula 10-0

Zaka pafupifupi zitatu panalibe ondiwina Tekken, gemu ija ya ndewu, pa kashopu kathu ka magemu ku Kapata, komboni ya ku Chipata, sikuti ndikudzitama ayi, funsani aliyense wa kumeneko. Ndikakhala pa benchi paja padi ili m'manja anyamata amangosinthana, oluza adzuke wina akhale, ine osasuntha mpaka malaiti apite kapena mwini shopu ayambe kukoka chitseko. Lamulo lake mukulidziwa, oluza ndi amene alipira, ndiye ndimalowa ndi K5 imodzi m'mawa nkutuluka madzulo maso ali psuu koma chenji chili m'thumba. Ana a sukulu anafika pomandilozerana pa msewu, ati uyo wa Bryan uja.

Bryan Fury, munthu amene ndimasankha mu gemu, ndinayamba naye kale pa Tekken 5 ya PS2, ndipo kunena zoona chida changa chinali chimodzi basi, mwendo uja amazungulira nawo pansi kukutchera ndale, dzina lake ndi snake edge koma ife timati chikwakwa. Chikakupeza umauluka, ine kombo, kukukankhira ku khoma, magazi theka apita. Ukadzuka chikwakwa china. Ukayamba kuopa nkumanyonyomala ndimakumenya za pakati. Magazi anga akatsala pang'ono ndimadinda Rage Art, move yamphamvu ija imene gemu imakupatsa ukatsala pang'ono kufa, maso otseka ndipo nthawi zambiri imalowa chifukwa anyamata aja sasiya kukanyanga mabatani. Basi gemu yanga yonse inali imeneyo, ndipo ine ndimati ndafika.

Tsiku lina foni yanga inasiya kutchaja ndiye ndinapita nayo ku Down Shops kwa mudala wina okonza mafoni. Atayiyatsa anaona chithunzi cha Bryan pa sikirini, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo nkuti, iwe mfana, umasewera kapena umangokonda chithunzi? Ine ndi matama anga ndinati ndimasewera a mudala, ku Kapata kulibe ondigwira. Anaseka pang'ono chabe, ati ubwere Sande ukaweruka ku tchalitchi, tidzasewera oyamba kufika 10. Kumbuyo ndinamva kuti anakhala ku Lusaka zaka zambiri ndipo kumeneko amasewera ndi anthu oti Tekken ndi chakudya chawo.

Sande ndinakwera njinga mpaka kwawo, ndalama yobwerera ndinasunga koma mumtima ndimati ndibwerako ndi nkhani yokasimba. PS4, ka monita kakang'ono, mipando iwiri ya pulasitiki, mbale ya nshawa zokazinga ili pa mwendo pawo. Anasankha Kazuya. Raundi yoyamba itangoyamba ine chikwakwa. Mudala ananyonyomala mwendo usanafike nkomwe ngati munthu oti anauzidwa dzulo lake, kubuloka, nkudzuka ndi chibakera, Bryan m'mwamba. Ndinati mwina ndi mwayi. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu anachita kutapa nshawa kaye pamene ine ndikugwa. Ndikagwa ndimadzuka ndi mwendo, iwo ali kale chiimire akudikira, kubuloka, kundibwezera pansi. Rage Art yanga ija anangoyiyang'ana mpaka ithe nkundinyamulanso. Itafika 6-0 ndinati padi iyi X wake akukakamira, sanayankhe, anangondipatsa yawo nkutenga yanga ija. Inatha 10-0, ndipo m'magemu khumi onsewo maraundi amene ndinawina anali awiri, limodzi ndikukhulupirira anali akuyankha mayi a kunyumba amene amafunsa za makala.

Ndiye anandifunsa, ukudziwa chikwakwa chako chimatenga nthawi yaitali bwanji kuti chifike? Ine duu. Ati gemu iyi imayenda mafuremu 60 pa sekondi imodzi, ka jab kaja, chibakera chaching'ono cha kumanzere, kamafika pa mafuremu 10, pomwe chikwakwa chako ndi pafupifupi theka la sekondi, ndimachiona chikuchokera ku Mwami boda. Ndipo chikabulokedwa Bryan amakhala nthawi yaitali asanabwerere m'malo mwake moti munthu akhoza kusankha chomumenyera mosathamanga. Anyamata ako sakubuloka chifukwa sakuyang'ana iwe, akuyang'ana zala zawo.

Apa ndi pamene ndikufuna ndichedwepo, chifukwa anthu amangoti sewera ndi okuposa udzakhoza, ngati kuluza pakokha ndi mankhwala. Ine ndinapita ma Sande asanu otsatizana ndipo sindinaphunzire kanthu, 10-0, 10-1, 10-0, kumangotaya ya njinga. Vuto linali loti ndimapita kukawina. Ndikakhala pa mpando paja mutu wonse uli pa kubweza manyazi a sabata yatha, ndiye ndikapanikizika ndimabwerera ku zomwe zija zimene zala zinazolowera, chikwakwa, kudzuka ndi mwendo, Rage Art, nkumabwerera kunyumba nditakwiya osakumbuka ngakhale chimodzi chimene chandimenya. Ukandifunsa waluza bwanji ndimangoti mudala uja ndi mfiti.

Zinasintha tsiku limene anati, lero tisawerenge magemu. Ntchito yako lero ndi imodzi, ukagwa pansi usadzuke ndi mwendo, dzuka chobwerera m'mbuyo ubuloke, kapena gona kaye uone chimene ndichite. Ukachita zimenezo kakhumi wawina, kaya ndikukwapule bwanji. Zinali zowawa boi, chala chimachita kuyabwa kufuna kudinda, koma tsiku limenelo ndi loyamba limene ndinaona ndi maso anga zimene Kazuya amachita munthu akagwa, kale ndimangomva kuwawa osaona chondimenya. Ananena mwambi uja oti kuona maso a nkhono nkudekha, ine ndinaseka kuti mwambi wa agogo walowa bwanji mu PlayStation, koma ndi momwemo.

Kuchokera pamenepo ndinagula kabuku ka sukulu, Sande iliyonse ndimalemba chinthu chimodzi chokha chokagwirira ntchito. Chimodzi, osati zisanu. Sabata ina inali kupanisha: chilichonse chimene chili -10 kapena kuposa, kutanthauza kuti chikabulokedwa oponyayo amachedwa ndi mafuremu 10 kubwerera m'malo mwake, ukachibuloka uli ndi ufulu obweza jab iye asanathe kubuloka, chikafika -15 umamunyamula ndithu. Ine zaka zonse zija ndimabuloka nkungoyima ngati ndikudikira basi ya ku Lundazi, ndalama zaulere ndikuzisiya pansi. Sabata ina inali ma throw. Mudala anatenga King dala nkumandigwira tsiku lonse, ati usayang'ane nkhope, yang'ana manja, likatsogola lamanzere dinda 1, lamanja dinda 2, onse awiri pamodzi dinda 1+2, pa padi yathu 1 ndi square 2 ndi triangle. Iyi ndiye inanditengera miyezi ndipo mpaka pano ya 1+2 imandipitabe ndikatopa. Sabata ina kubwerera m'mbuyo mwachangu kuja amati Korean backdash, chala chachikulu chinachita thuza.

China chimene chinandithandiza ndi batani la Share pa padi ya PS4, limasunga kanema wa mphindi zapitazo, ndiye timati tikamaliza nkuonera limodzi. Kudzionera wekha ukusewera nkochititsa manyazi kuposa kumva mawu ako pa voice note. Mudala amaimitsa kanema nkufunsa, apa umaganiza chani? Ndipo yankho loona nthawi zambiri linali loti sindimaganiza kalikonse. Anandionetsa kuti nthawi iliyonse ndikamenyedwa kombo yaikulu, chinthu choyamba chimene ndimachita ndikadzuka ndi kuthamangira kutsogolo, nthawi iliyonse, ngati mbuzi yoona chipata cha dimba chotsegula. Anyamata a ku Kapata zaka zitatu sanachione chimenecho, iwo anachiona gemu yachiwiri. Okuposa ntchito yake ndi imeneyo, amakuonetsa pamene pakudontha, koma kufolera ndi kwako, ndiye mkati mwa sabata ndimapempha mwini shopu m'mawa kusanabwere anthu, ndilowe mu practice, ndijambulitse chidole chija chizichita move imene yandivuta, ine nkumabuloka ndi kubweza mpaka zala zizichita zokha. Chaka cha 2024 chija madzi atachepa ku Kariba malaiti amapita maola ambirimbiri, ndimachita kudzuka usiku akabwera. Amene muli ndi Tekken 8 muli pabwino, mu replay mumatha kulanda munthu wanu pakati pa kanema nkuyesa njira ina pomwepo, koma inatuluka January 2024 pa PS5, Xbox Series ndi PC chabe, ife a PS4 tikadali pa 7.

Mudala ndi amene anandiuza nkhani ya Arslan Ash, kenako ndinakaonera ndekha pa YouTube bandulo mpaka kutha. Kwa zaka zambiri aliyense amadziwa kuti Tekken eni ake ndi a ku South Korea ndi Japan. Ndiye mu 2019 Arslan ameneyu, mnyamata wa ku Lahore ku Pakistan, amene anavutika ndi za viza mpaka kufika mochedwa ku Japan, anawina mpikisano waukulu wa magemu a ndewu wa EVO Japan ku Fukuoka, chaka chomwecho nkukawinanso EVO ku Las Vegas atagonjetsa Knee wa ku Korea mu fainolo, Knee amene ambiri amamutenga ngati katswiri oposa onse pa gemu imeneyi. Chimene chinadabwitsa anthu nchoti kwawo ku Pakistan kunali ena ambiri oopsa amene dziko silimawadziwa, amangokwapulana okhaokha m'timashopu ta magemu tsiku ndi tsiku, ndipo ena mwa iwo monga Awais Honey ndi Atif Butt atayamba kutuluka anayambanso kuwina. Koma mbali imene imandikhudza ine ndi ya Knee. Munthu wa zikho zonse zija sanati padi ikukakamira, anakwera ndege kupita ku Pakistan kukasewera nawo komweko. Ine kukwera njinga kuchoka ku Kapata ndimaona ngati ndadzitsitsa.

Pali chimodzi chimene ndimasiyana maganizo ndi anthu ena. Okuposa kwambiri yekha sakwanira. Mudala akafuna kusewera zenizeni sindipeza mpata oyesera chimene ndaphunzira, ndimafa ndisanaganize. Amene anandikweza kwambiri ndi mnyamata wina wa ku koleji amene amabweranso kumeneko, amasewera Hwoarang, amandiwina 10-6, 10-7, wondiposa pang'ono chabe moti ndikalakwitsa amandilanga koma ndikachita bwino ndimaona phindu lake pompo. Kwa mudala ndimakamva matenda, kwa wa Hwoarang ndimakayesa mankhwala. Ndipo okuposa amene sayankhula, amene amangokumenya nkumaseka, ameneyo musamutayire ndalama ya njinga. Zili ngati nsolo pansi pa mtengo, pali madala ena amakudya nkukuonetsa pamene unayambira kulakwitsa kufesa, ena amangokudya nkuitana wina. Za pa intaneti sindinenapo zambiri, ndinayesa, opezeka ambiri ndi a ku South Africa ndipo netiweki ikayamba kudumpha chikwakwa chimene umabuloka uli mtulo chimakupeza, umaphunzira makhalidwe oipa chabe.

Ku Kapata ndinachita chinthu chimene mwini shopu mpaka lero amandiseka nacho. Ndinawaphunzitsa anyamata kubuloka chikwakwa. Ndinawaimika mmodzi mmodzi, yang'ana phewa la Bryan akamatsika, nyonyomala, dzuka ndi ichi. Ndinawauzanso kuti ndikakhala ndi Rage asiye kudinda. Chifukwa ndinaona kuti masiku asanu ndi limodzi ndimasewera ndi anthu ondilola kuchita zopusa, tsiku limodzi lokha ndi ondilanga, ndiye zala zimamvera masiku asanu ndi limodzi aja. Manje pali kamwana ka giredi 9 kamene kamasewera Law, kanagwira msanga moti sabata yatha kanandidzutsa pa benchi kawiri anthu akukuwa, ndinalipira ine, K5 ija siikwananso tsiku lonse.

Sande yapitayi kwa mudala zinayamba mwachilendo. Gemu yoyamba ndinawina, anaponya hellsweep, mwendo wa pansi wa Kazuya, ndili pa khoma ndinaibuloka mongoganizira nkumunyamula Kazuya, kombo yonse osagwetsa. Yachiwiri anawina iwo. Yachitatu ine, yachinayi ine, chikwakwa ndinachiponya kamodzi kokha m'magemu onsewo ndipo chinalowa chifukwa anali atayiwala kuti chiliko. Itakwana 3-1 mudala anayang'ana sikirini, anayang'ana ine, anachotsa mbale ya nshawa pa mwendo nkuyiika pansi, kupukuta manja pa thalauza, kukokera mpando kutsogolo. Inatha 10-3. Potuluka anandiperekeza mpaka pa geti, ati mfana, ukabuloka electric, chibakera cha magetsi chija cha Kazuya, umakonda kudinda jab, ndakumenya nazo kasanu ndi kawiri lero, kalembe. Ndinalemba nditatsamira mpanda, wa njinga akuliza belu kuti tizipita kusanade.