Sabata yonse pa galimoto imodzi: Toyota 86 yofiira ija

Amene mumadutsa pa galaja yathu kuno ku Kasungu boma munaiona galimoto yofiira yogwada pansi ija imene inakhala mu shedi kuyambira Lolemba, ena mpaka mumaima kufunsa ngati ikugulitsidwa. Siyogulitsa. Ndi Toyota 86 ya bwana wina amene amapanga geni ya soya ndi fodya cha ku Santhe, anaigula ku Japan ngati mmene ambiri timagulira, inatsikira ku Dar es Salaam nkulowera pa Songwe. Galimoto zimenezi zinayamba kutuluka mu 2012, dzina ndi la Toyota koma amazipangira ku fakitale ya Subaru, injini yakenso ndi ya Subaru ya 2 litre, nchifukwa chake imafanana ndi Subaru BRZ ngati mapasa. Koma ine za injini sindikhudzako, ine ndi wa penti.

Bwanayo anabwera Lolemba mmawa akuti penti yakutsogolo yapsa ndi dzuwa, ndingoipaka polishi adzaitenga madzulo chifukwa Loweruka pali ukwati wa mphwawo ku Lilongwe ndipo akufuna ndiyo inyamule akwati. Nditaiyang'ana ndinawauza kuti bwana, yapsayi si penti, ndi pulasitiki imene anamata pamwamba pa penti. Sanakhulupirire mpaka ndinawagwiritsa chala pakati pa boneti pamene pulasitikiyo imathera, panali kamzere kakuda ka fumbi kochoka mbali iyi kukafika mbali inayo. Zaka zonsezi akuyenda nayo osadziwa.

Pulasitiki imeneyi amaitchula PPF, ndi ya polyurethane, yooneka ngati galasi, yokhuthala pafupifupi ma micron 200, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo asanu a milimita. Amamata kutsogolo kwa galimoto kuti timiyala tisamagwebe penti. Ikakhala yatsopano ndi chinthu chabwino zedi, misewu yathuyi ndi imene imafunikadi zimenezi. Koma ili ndi zaka zake, ikakalamba imasanduka yachikasu, imauma nkuyamba kung'aluka ting'onoting'ono, nde dzuwa la kuno la Okutobala silinyengerera. Kuwonjezera apo anyamata a pa kawoshi amaitsuka ndi sopo wa ufa wochapira zovala ndi chiguduli chomwe atsukira mateyala a minibasi. Inali pa bampala yonse, theka la boneti, mafenda awiri ndi magalasi a m'mbali.

Ndinawauza kuti za madzulo aiwale. Anati koma amwene kungosenda pulasitiki basi mpaka sabata? Ndinati bwana mukafuna zamsanga alipo anzanga angakusendereni ndi lezala lero lomwe, koma mudzabweranso kuno kudzafunsa mtengo wopenta kutsogolo konse. Anaseka nkusiya makiyi. Ndisanawalole kupita ndinawachenjeza chinthu chimodzi pamaso pa mnyamata wanga kuti pakhale mboni, ngati pali pena pamene galimotoyi inapentedwapo kachiwiri, pulasitikiyi ikhoza kunyamuka ndi penti yomwe, ndipo palibe mmisiri angakulonjezeni kuti sizichitika.

Lolemba lonse linathera kutsuka ndi kuyeza. Ndili ndi kamakina koyezera kukhuthala kwa penti, ndinakagula kudzera kwa mnzanga wina woyenda ku Johannesburg, ndipo mwa zida zanga zonse kameneka ndi kamene sindibwereketsa olo munthu alire. Penti ya ku fakitale pamodzi ndi pulaima ndi kiliya nthawi zambiri imakhala cha m'ma micron 100 kukafika 150, ndipo kiliya payekha, amene amawalitsa uja, amakhala cha m'ma 40 basi. Ukamapolisha ukudya kiliya ameneyo ndipo sameranso. Pa 86 boneti ndi ya aluminiyamu osati chitsulo, nde timakina totchipa togwira ndi maginito sitiwerenga kanthu pamenepo, kanga kamawerenga zonse ziwiri. Pa bampala ndiye ayi, ndi pulasitiki, pamenepo umangodalira maso ndi dzanja. Denga, zitseko, kumbuyo, zonse zimabwera manambala ofanana, otsikirapo pang'ono. Kufika pa fenda yakumanzere nambala inadumpha kupitirira 600, olo utachotsera kukhuthala kwa pulasitiki inali yochulukabe, ya kumanja siimafika pamenepo, kusonyeza kuti fendayi inakonzedwapo nkupentedwanso. Ndinajambula nkuwatumizira bwana pa WhatsApp. Anayankha kuti pepala la ku Japan silinanene za ngozi. Ndinangoti chabwino.

Lachiwiri ndi Lachitatu ndi pamene panali ntchito yeniyeni. Pulasitiki ikakhala kuti sinafe umaitenthetsa pang'ono, nkugwira pakona, nkumaikoka chogoneka moitanula cha kwa iwe, osati kuikweza mmwamba ngati ukutsegula chitseko, imatuluka chinsalu chimodzi guluu nkupita nayo limodzi. Iyi ayi. Ukangokoka imaduka kachidutswa konga chikhadabo. Pa boneti pokha ndi pamene inayesako kumvera, koma bampala, amwene, ndi makona ake onse aja ndi mabowo a mphepo, tinachita kukhala pansi pa katoni ine mbali iyi mnyamata mbali iyo, kumatola kamodzikamodzi ngati tikusankha miyala mu mpunga. Zala zinatupa.

Kutentha nkofunika koma nkumenenso anthu amaonongera. Heat gun, kamakina kouzira mpweya wotentha kaja, ukaiimika malo amodzi imaphika guluu nkumusiya yense pa penti, pa bampala imatha kupinditsa pulasitiki yake yomwe. Lamulo langa nlakuti ngati dzanja lako silingakhale pamenepo ndiye kuti wapyola. Chabwino kwambiri ndi nthunzi, chifukwa imatentha mofatsa ndipo imafewetsa guluu ndi chinyezi. Lachiwiri masana magetsi anathima, mafuta a jenereta osawapeza, nde tinabwereka mbaula kwa mayi amene amagulitsa zitumbuwa pafupi nafe, kuwiritsa madzi mu ketulo, kunyika thaulo nkuliyala pa bampala kwa kanthawi, kuchotsa, kusenda, kuyalanso. Kunena zoona njira imeneyi inayenda bwino kuposa heat gun, mpaka magetsi atayaka tinapitiriza ndi thaulo lomwelo. Mayiwo anatilipiritsa makala, ndipo anali ndi ufulu.

Mnyamata wangayu ndi wa dzanja labwino koma mtima wake ndi wothamanga. Cha m'ma 3 koloko ndinamuona akusuzumira mu bokosi kufuna lezala. Ndinamuuza kuti aise, lezala yachitsulo imakhudza galasi lokha, pa penti timagwiritsa ya pulasitiki, ikabuntha tenga ina. Anati koma abwana tigona pompano. Ndinati tigona.

Pulasitiki ikachoka pamatsala guluu, ndipo pamenepa ndi pamene galimoto zambiri zimafera. Munthu amatenga thinazi kapena petulo nkuthira pa chiguduli. Thinazi amafewetsa kiliya, pa penti yopoperedwa kachiwiri ndiye amaisungunula kumene, ndipo akagwera pa magalasi a nyali amawachititsa khungu osabwereranso. Ife timagwiritsa mankhwala ake enieni ochotsera guluu, kupopera, kudikira alowerere, kukankha ndi lezala ya pulasitiki, kupukuta ndi kansalu ka microfibre, kenako kutsuka ndi spiriti ya isopropyl yosungunula ndi madzi. Mankhwala amenewa kuno sapezeka, ku Lilongwe amapezeka mwa apo ndi apo, nthawi zina timachita kutumiza anthu odutsa pa Mwami kupita ku Chipata, nde ndi mmene forex ikuvutiramu botolo lililonse umalisamala ngati mankhwala a mwana. Tinsalu tinatha tambiri, chifukwa kansalu kakadzaza guluu kamayamba kumupaka mmalo momuchotsa.

Fenda yakumanzere ndinaisiyira komaliza dala, Lachitatu madzulo kutazizira, ndipo ndinagwira ndekha. Pang'onopang'ono, thaulo lofunda osati lotentha. Mbali yaikulu inatuluka bwino, koma pafupi ndi nyali penti inanyamuka ndi pulasitiki, malo okula ngati chikhatho cha mwana, pansi pake poonekera fila wotuwa, phala lija amamata pobisa pamene panaphwanyika. Amene anakonza ngoziyo sanakwechese bwino asanapopere, penti inangokhala pamwamba osagwira, kenako anamata pulasitiki kuphimba zonse. Bwana anabwera okha kudzaona. Anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana pamalopo, kenako anafunsa ngati sitingangobwezerapo kachidutswa ka pulasitiki komweko ndi supa gulu mpaka ukwati udutse. Ndinakana. Tinagwirizana kuti fenda tiimasule ipite kwa mdala wina wopopera penti amene ndimamudalira, ali ndi kachipinda kotseka bwino kopanda fumbi. Nambala ya mtundu wa penti imalembedwa pa kachikwangwani ka pa mphuthu ya chitseko, koma nambala yokha siikwanira, galimoto yofiira yomwe yakhala padzuwa zaka zambiri siifanananso ndi penti ya mu chitini, nde tinamupatsanso kachitseko ka pothirira mafuta kuti asakanize akuyerekeza ndi maso. Madala aja akamasakaniza salankhula ndi munthu.

Lachinayi kupolisha. Pamene panali pulasitiki penti inali yofiira bwino ngati yatsopano, pamene panalibe inali yofwifwa, yodzaza ndi timizere tozungulira ta chiguduli komanso madontho oyera a madzi a pa mjigo amene amaumira pa galimoto padzuwa. Pakati pa boneti mzere umachita kuonekera uli patali. Tinayamba ndi kuthira madzi pansi mu shedi yonse ndi kutchinga ndi matenti mbali ya kumsewu, chifukwa fumbi la Kasungu nthawi ino likangolowa pa padi, kasiponji ka pa makina opolishira, ndiye kuti ukupolisha ndi mchenga. Kenako clay, kadongo kapadera kotsukira penti, kuchotsa tinthu tomata, tepi pa mphira ndi m'makona onse, chifukwa m'mphepete mwa panelo penti imakhala yopyapyala ndipo makina amaboola pamenepo kaye.

Ndimayamba ndi kamalo kakang'ono, padi yofewa ndi polishi wopepuka, ndione ngati zikukwanira ndisanatenge zaukali. Penti ya galimoto zimenezi ndi yofewa, imamva msanga, nde rotary, makina opolishira ongozungulira mwamphamvu aja, sindinaigwire nkomwe, ndinagwiritsa DA imene imazungulira ikugwedera, imachedwa koma siitentha penti. Kompaundi kamodzi ndi padi yapakati, polishi pambuyo ndi yofewa, kupukuta ndi spiriti kuti mafuta a polishi asakunamize, nkuunika ndi tochi. Zambiri zinachoka, kufwifwa kuja kunali pamwamba pa kiliya, kufiira kunabwerera mpaka mnyamata anayamba kujambula za pa status.

Koma panatsala zinthu ziwiri. Pa denga pali malo amene zitosi za mbalame zinadya mozama, galimotoyi imagona pansi pa mtengo wa mango, komanso mzere wa pa boneti sunathere, ukaima chapambali dzuwa likamalowa umauonabe pang'ono. Ndikanatha kutenga sandipepa ya 3000 nkukwecha ndi madzi mpaka zonse zitasowa, bwana akanasangalala Loweruka, zithunzi za ukwati zikanawala. Koma kamakina kamandiuza kuti denga ndi lopyapyala kale, wina anapolishapo mwamphamvu mmbuyomu. Kiliya ndi amene amatchinga dzuwa, ukamudya kwambiri chaka chimodzi kapena ziwiri amayamba kuyera nkumasupuka, mwaziona galimoto zambiri mtauni muno madenga ali mbuu, zina mwa izo si dzuwa lokha, ndi ife amisiri ofuna kusangalatsa kasitomala tsiku lotenga galimoto. Nde ndinaima pomwepo. Mnyamata anati abwana pang'ono pokha, ndinamupatsa kamakina kuti ayeze yekha, anayeza nkubweza osanena kanthu.

Fenda inabwera Lachisanu masana, mtundu unagwirizana bwino kwambiri moti ndinachita kumuimbira mdalayo kumuthokoza. Tinaimanga, kuyeza mipata ndi boneti ndi chitseko kuti ifanane ndi ya kumanja. Galimoto yonse tinaipaka sealant, mankhwala oteteza penti pamwamba, kupatula fenda imeneyo, penti yatsopano imafuna pafupifupi mwezi kuti iume mpaka mkati, ukaitseka msanga ndi wax kapena pulasitiki ina umatsekera mankhwala amene akuyenera kutuluka. Bwana amafuna ceramic, mankhwala ena opaka pamwamba okhalitsa, chifukwa anaona pa Facebook, ndinawauza kuti tidikire mwezi tidzapake galimoto yonse kamodzi, komanso adziwiretu kuti ceramic siitchinga miyala, imangothandiza kuti litsiro lisamagwire.

Anabwera madzulo ndi mphwawo mkwati uja. Ndinawaonetsa ndekha malo a pa denga ndi mzere wa pa boneti asanazipeze okha, nkuwafotokozera chifukwa chake ndazisiya. Mkwatiyo sanauone mzerewo mpaka nditamugwadiritsa. Bwana anakangana nane pang'ono pa mtengo, akuti mankhwala okha angadule chonchi, ndinawatulutsira mabotolo opanda kanthu ndi mulu wa tinsalu, anatumiza ndalama pa foni nkutsala ndi kangongole kakang'ono kamene akuti amaliza akagulitsa soya. Ndinawauzanso kuti pa M1 asamayende pafupi kumbuyo kwa mathiraki makamaka pamene pali miyala, kutsogoloku tsopano kulibe chotchinga, ndipo maluwa ndi maliboni a ukwati asamate ndi selotepi pa fenda yatsopanoyo, amange pa magalasi. Potuluka pa geti inakhuza pansi pa bampu yathu ija, tinachita kuika matabwa. Lolemba kukubwera Hilux ya bungwe lina yofuna kuchotsa masitika m'zitseko.