Mmene ndinatsala pang'ono kukwatira agogo anga

Vuto lonse linayambira pa dzina. Ine ndinapatsidwa dzina la agogo anga aamuna, lonse lathunthu, osachotsapo ngakhale chilembo chimodzi. Ndili mwana ndinkanyada nalo. Pano ndikamalilemba pa fomu ndimayamba ndawerenga mutu wa fomuyo katatu.

Azakhali, amene atsala okha mwa ana a agogo, anandiitanitsa tsiku lina. "Mwana wa mchimwene wanga, ine ndakula. Ndisanatseke maso ndikufuna ndione pepala losonyeza kuti bambo ndi mayi anakwatirana liti, ndipo mboni zawo zinali ndani. Iwe ndiwe wophunzira, kafufuze." Anandiuzanso dzina limene agogo aakazi ankadziwika nalo asanakwatiwe, dzina limene ine ndinali ndisanalimvepo, pakuti tonse tinkangoti agogo basi. Mawu akuti wophunzirawo ndi amene anandipereka. Munthu akakutcha wophunzira, umachita manyazi kufunsa.

Poyamba ndinayesa njira ya ulesi. Mwana wanga wamkazi ananditsegulira FamilySearch pa kompyuta, nandiuza kuti ndi yaulere, kuti eni ake anayamba kusonkhanitsa mbiri za mabanja mu 1894 ku Utah, ku America, nayamba kujambula makaundula pa mafilimu mu 1938, ndipo mafilimuwo amawasunga m'chipinda chimene anaboola m'phiri pafupi ndi Salt Lake City. Ndinaona kuti anthu oboola phiri sangasowe agogo anga. Tinalemba dzina la agogo aakazi m'njira zinayi zosiyana. Phiri linangoti zii. "Bambo, si buku lililonse linajambulidwa," anatero mwanayo. "Pitani ku ofesi yolembetsa maukwati."

Ku ofesiko ndinapeza mizere iwiri. Wina unali ndi nkhalamba zitatu zosinza, wina unali wautali mpaka pakhomo. Nzeru zanga zinandiuza kuti kumene kuli anthu ambiri ndi kumene ntchito ikuyenda. Ndinaonadi kuti anthu a mumzerewo anali awiriawiri, ena atagwirana manja, koma ndinangoti mumtima, ana a masiku ano ayamba kukonda mbiri ya makolo awo, zabwino zimenezi.

Pazenera panali mlembi wachitsikana, maso ali pa mapepala.

"Tikuthandizeni chiyani, bambo?"

"Ndabwera pa nkhani ya chilolezo cha ukwati."

Ndinasankha mawu akuti chilolezo chifukwa ankamveka aulemu kuposa setifiketi. Anandipatsa fomu. Pa dzina la mwamuna ndinalemba la agogo aamuna. Pa dzina la mkazi ndinalemba lija anandiuza azakhali. Panali funso lakuti mwamunayu anakwatirapo kale kapena ayi. Ndinaganizira agogo ali mnyamata, ndinalemba kuti sanakwatirepo. Pa tsiku la ukwati ndinasiya posalemba, pakuti ndi limene ndinkafufuzalo.

Mlembi anapempha chiphaso changa. Anayang'ana dzina pa chiphaso, nayang'ana pa fomu. Zinafanana ndendende. Chaka chobadwa, chimene ndinasiyanso, anakopera yekha kuchokera pa chiphasocho.

"Tsiku simunalembe."

"Sindikulidziwa, mayi. Ngakhale azakhali sakulidziwa."

"Musadandaule, ambiri amatero. Nanga mayiwa ali kuti?"

Ndinatsitsa mawu, monga munthu amachitira potchula malemu. "Mayiwa anatsogola."

"Chabwino. Mukawapeza muwauze kuti adzabwere ndi chiphaso chawo."

Ndinamuyang'ana mwana ameneyu. Ndinaganiza zomudzudzula, koma ndinati mwina ndi wopemphera kwambiri, akundikumbutsa kuti tonse tili pa ulendo. Ndinasaina, iye anamenya chidindo, nandiuza kuti ndidzabwere pakatha masabata angapo. Ndinatuluka ndikuyamikira kuti ntchito za boma zayamba kuyenda bwino.

Patapita masiku asanu ndinafika kunyumba madzulo n'kupeza mayi a ana anga atakhala pampando umene ndimakhalapo ine. Foni ili pa tebulo, yoyang'ana kumwamba. Mnzawo wina anapita ku ofesi ija pa nkhani zake, naona pepala pa bolodi, nalijambula, nalitumiza pa WhatsApp ndi mawu awiri okha: "Pepani asisi."

"Bambo, khalani pansi. Werengani mokweza."

Ndinawerenga. Chinali chidziwitso kwa anthu onse kuti ine, dzina langa lonse, ndikufuna kumanga ukwati ndi mayi wakutiwakuti, ndipo aliyense wodziwa chifukwa choletsa ukwatiwo akanene.

"Ameneyu ndi ndani?"

"Ndi agogo."

"Mukumutcha agogo? Ndiye mwafika potchulana maina achikondi?"

Ndinalumbira, ndinatchula manda, ndinatchula azakhali. Mayi a ana angawo dzinalo anali asanalimvepo, monganso ine sabata yapitayo. Koma chimene chinawawawa kwenikweni sichinali mkaziyo. Anakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri mpaka mawu amodzi anadzaza foni yonse: sanakwatirepo. "Zaka zonsezi, ana anayi, ine ndakhala ndikuchapira munthu wosakwatira?"

M'mawa mwake anavala zovala zimene amavala popita kokaonana ndi akuluakulu, natsogola, kutsogola kwenikweni, ine ndili pambuyo ndi mtchatho wathu m'envulopu. Anakalowa mumzere wa anthu awiriawiri uja. Ife tokha ndi amene sitinagwirane manja.

"Ndabwera kudzaletsa ukwati," anatero pazenera. "Mkwati ndi uyu. Mkwatibwi akuti ali kumanda."

Mlembi uja anagwira pakamwa. Anakaitana mkulu wa ofesi, bambo wa imvi zake, amene anamvetsera nkhani yonse akuluma mlomo wam'munsi kuti asaseke. Atatilowetsa m'chipinda chake anandifotokozera pang'onopang'ono, ngati akuphunzitsa mwana kumanga nsapato. Chilolezo chimaperekedwa ukwati usanachitike, ndipo chimangonena kuti awiriwa aloledwa kukwatirana. Setifiketi ndi zolembedwa m'kaundula zimabwera ukwati utachitika. Ngakhale wofufuza mbiri atapeza chilolezo chakale, anatero, asathamangire kunena kuti anthuwo anakwatiranadi, chifukwa ena amatenga chilolezo kenako n'kukangana panjira. Ine ndinkafunika mzere wa nkhalamba zosinza zija.

Anatiuzanso kuti kulengeza ukwati kuti anthu atsutse si nzeru ya dzulo: msonkhano wa akuluakulu a mpingo ku Lateran, mumzinda wa Rome, unalamula zimenezi mu 1215. Kenako anatembenukira kwa mayi a ana anga. "Amayi, pa zaka zonse ndagwira ntchito muno, inu ndinu woyamba kuletsa ukwati ndi chifukwa chomveka chonchi." Iwo anangogwedeza mutu ngati munthu wolandira mendulo. Pepala lija analichotsa pa bolodi ine ndikuona, koma pa mafoni a anthu lidakalipo mpaka lero.

M'makaundula a boma agogo sanapezeke. Mkulu uja anati ndikayese ku tchalitchi kumene mkwatibwi ankapemphera, pakuti kawirikawiri ukwati umalembedwa kwawo kwa mkazi, ndipo matchalitchi ena anayamba kusunga mabuku otere kalekale. Akatolika analamulidwa kutero ndi msonkhano wa akuluakulu a mpingo wawo ku Trent, mzinda umene lero uli ku Italy, mu 1563, umene unatinso pa ukwati pazikhala wansembe ndi mboni zosachepera ziwiri.

Kumeneko mlembi wa mpingo anatulutsa buku lalikulu lomangidwa ndi chingwe, chikuto chitasiyana ndi msana. Linkanunkha chinyontho. Njenjete zinali zitadya m'mphepete mwa masamba, ndipo inki inali itasanduka yofiirira. Tinatsegula tsamba ndi tsamba, chala chikutsika pamzere wa maina, mpaka maso anayamba kuyabwa. Tinawapeza masana. N'chifukwa chake phiri lija linakhala chete: amene analemba anamva dzina la agogo aakazi ndi khutu lake, nasintha zilembo ziwiri. Agogo aamuna anasaina ndi zilembo zikuluzikulu zopendama, zooneka kuti cholembera anachigwira ngati khasu. Agogo aakazi anangoika kamtanda, pambali pake mlembi nalemba kuti ichi ndi chizindikiro chawo. Ndinakhala kanthawi ndikuyang'ana kamtandako. Mkwatibwi wanga.

Ndiye diso linagwera pa danga lija lofunsa ngati mwamuna anakwatirapo kale. Ine pa fomu yanga ndinawalembera kuti sanakwatirepo. Buku linati mkazi wawo woyamba anamwalira.

Azakhali nditawaonetsa chithunzi cha tsambalo anavala magalasi, nawerenga, navula, napukuta, nawerenganso. Za mkazi woyambayo anali asanamvepo chibadwire. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anandigwira dzanja.

"Mwana wa mchimwene wanga, ameneyunso ali ndi pepala lake penapake. Iwe ndiwe wophunzira."

Mayi a ana anga, amene anali atakhala pakhomo, sanadikire kuti ndiyankhe. "Azakhali, apita Lolemba. Koma cholembera ndigwira ndine."